Msonkho wa Utsi Wanu

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno tadzuka, kungoti kuzizira. Chisanu cha chaka chino chatsika m'phiri la Dedza ngati chachita kutumidwa, moti m'mawa udzu umaoneka ngati wina wauwaza ufa. Ndikamapita kudambo kukatunga madzi ndimakumbukira momwe munkadzikutira m'chikopa chanu cha mbuzi chija, n'kumadandaula kuti kuzizira kwa kuno sikudziwa wamkulu. Ndikhulupirira kuti uko muliko n'kofunda, chifukwa mafupa anu ananjenjemera mokwanira pansi pano. Bambo ngati munawapeza muwapatse moni, muwauze kuti nkhwangwa yawo ikudulabe.

Musadabwe kulandira kalata. Ndine ndemwe, Nachisale wanu, ndipo ndalemba ndi dzanja langa. Paja munkandiseka ndikamapita kukaphunzira kumishoni, mumvekere, "Mayi wamkulu ngati iwe ukakhale pansi ndi tiana, kumajambula mapazi a nkhuku pasileti?" Mapazi a nkhuku aja ndi awa, ayenda mpaka afika kwa inu. Ndikudziwa kuti kuwerenga simunakuphunzire, koma kumeneko sikungasowe munthu wodziwa. Mupemphe wina akuwerengereni, koma musankhe wosunga pakamwa, chifukwa muno muli nkhani ya mkamwini wanu yoti akaimva ambiri aseka mpaka kugwa.

Ndiyambe ndi zokoma. Pathupi paja munandisiya napo ndinachira bwino. Ndi mwana wamkazi, anabadwa mvula yoyamba itangogwa. Tinamutcha Tsalani, poti ndiwo mawu omaliza amene munandiuza. Chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya amatukula mlomo wam'munsi monga munkachitira inu mbuzi zikalowa m'dimba. Atsibweni atamunyamula anamuyang'anitsitsa n'kungoti, "Aa, mlongo wanga sanapite kutali." Tsopano akukwawa, ndipo chilichonse chimene wapeza pansi chimathera m'kamwa.

Chimanga cha kumunda wa kumtunda anyani anatithandiza kukolola, koma cha kumunsi chadzaza nkhokwe mpaka pakhosi. Nyemba nazo zachita bwino. Mbatata ya kachewere ija ndinapempha mbewu yake kumishoni, inu n'kumati mbatata yanji yosatsekemera, ndiyo ikutigulira mchere masiku ano. Ndimaiphika n'kuisenza pamodzi ndi mazira ndi thobwa kupita nazo kumsewu cha ku Chimbiya, kumene amtengatenga amatula katundu wa azungu kuti apume. Anthu anjala ngati amene aja sanenerera mtengo. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, koma mmodzi fisi anadzamutenga. Atsibweni bondo lija likuwavutabe, komabe kumowa limawafikitsa.

Musade nkhawa kuti mwina ndinaiwala zimene munandiphunzitsa za msonkho. Mzere wa boma ulipobe. Monga munkachitira inu kuyambira pamene azungu anayamba kukhometsa nyumba, ndimapatula mizere ya nyemba ya m'mphepete mwa munda, ndipo imeneyo sitidyako ngakhale ndiwo zivute bwanji. Sindizigulitsa nthawi yokolola, pamene aliyense akuthamangira kusitolo ya mmwenye ndi dengu pamutu, chifukwa pamenepo amagula ngati akutola. Ndimazisunga mumtsuko ndi phulusa, ndikagulitsa miyezi ya njala, ndalama yake n'kumadikira msonkho wotsatira. Pa zimene ndapeza kumsewu, kobiri loyamba ndimaponya m'kamphika ka boma kaja kokwirira pansi pa mphasa, ndisanaganize n'komwe za nsalu kapena mikanda. Mawu anu aja ndimawauzanso amayi anzanga ogulitsa nawo: "Ndalama ya msonkho si yako, wangomusungira mwini wake. Ukaisakaniza ndi ya mchere udzainyambita."

Chitupa chimene amapereka ukakhoma ndimachipinda n'kuchilowetsa m'kansungwi, kukamwa n'kutseka ndi chitsononkho. Anabanda a kutsidya aja chawo anangochisomeka kudenga, makoswe n'kudya, ndipo amesinjala atabwera anakana kumva nkhani ya makoswe. Anakhoma kawiri, mayi wosauka. Kukapereka nako situma munthu, amapita okha mkamwini wanu, paja munkati ndalama yotumiza imaonda m'njira. Choncho chaka chino ndinali wokonzeka, mtima uli m'malo, ndikuyenda modzitama ngati munthu wanzeru. Ndinaiwala kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Ndisanafike kumeneko, ndikudziwa funso limene mukanayamba nalo. Za alongo anga a Zuze palibe chatsopano, Amayi. Chichokereni kupita ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho, palibe kalata, palibe uthenga. Wina wochokera kumeneko anati anawaona kumgodi, wina anati iyayi, anapitirira kumwera. Akazi awo anatopa n'kudikira, anakwatiwa ku Lobi, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Inu munatseka maso mukuyang'anabe kunjira. Ngati ali kumeneko ndi inu mundiuze kumaloto, kuti ndileke kutembenuka galu akauwa.

Tsopano nkhani ya nyumba yanu. Titameta maliro anu, atsibweni anasonkhanitsa amuna kuti aigwetse monga mwa mwambo. Ine ndinakakhala pakhomo n'kutambalala, mimba ili apo, ndipo ndinati amene akufuna kugwetsa nyumbayi ayambe wagwetsa ine. Atsibweni anapukusa mutu n'kuti, "Mwana iwe, nyumba ya malemu saisunga. Idzakuitanira zinthu." Iwo ankanena za mizimu. Palibe amene anaganiza kuti chimene idzatiitanire ndi kalaliki wa boma.

Nanga ndikanailola bwanji kugwa? Khoma lake tinamata tonse, inu mukuponda dothi ine ndikutunga madzi, ndipo kuseri kwa chitseko zala zanu zinadinda pamene munatsamira dothi lisanaume. Mkati munkamvekabe fungo la fodya wanu wapamphuno ndi la mfutso wa nkhwani. Ndikatopa ndi ntchito ndinkalowamo n'kukhala pamphasa yanu, osachita kanthu. Ndipo moto wanu sindinaulole kuzima. Uja munasonkha inu musanadwale, ndinkaufotsera ndi phulusa, madzulo n'kuuvundukula, kuikapo chikuni choti chinyeke pang'onopang'ono mpaka kucha. Anthu ndinkawauza kuti utsi umalimbitsa udzu ndi kupirikitsa chiswe, zomwe n'zoona. Koma chenicheni n'chakuti ndikamachokera kumadzi n'kuona utsi ukutuluka padenga panu, mtima unkandiuza kuti mulipo.

Mwezi wathawu kunabwera kalaliki watsopano wowerenga nyumba, mnyamata wa kumwera wovala jekete, ali ndi amesinjala awiri. Wakale uja ankatidziwa tonse, ndipo ndi iye anakuchotsani m'buku bambo atamwalira, atati nkhalamba yamasiye isavutike. Watsopanoyu sayenda khomo ndi khomo ayi. Anafika m'mamawa, anakwera pachulu chija cha kuseri kwa khola, n'kumawerenga madenga amene akufuka utsi. Kunena zoona nzeru yakeyo si yopusa, chifukwa ena akamva kuti boma likubwera amatchinga zitseko ndi minga kuti nyumba zioneke ngati zosiyidwa. Koma ndi kuzizira kwa kuno, ndani angagone wopanda moto?

Atatsika pachulu anaitanitsa mwini khomo. Mkamwini wanu, a Mbewe, anabwera n'kukhala pansi mwaulemu.

"Nyumba iyi ndi yanu?" anafunsa kalaliki, akuloza yathu.

"Inde, bwana."

"Nanga iyo ikufuka apoyo?"

A Mbewe anazolika, monga amachitira nthawi zonse nkhani ikakhudza inu, n'kuyankha chapansipansi kuti, "Imeneyo ndi ya amayi aakulu."

"Eya, ya akazi aakulu," anatero kalaliki akulemba. "Ndiye kuti muli pamitala. Nyumba ziwiri, misonkho iwiri."

Amayi, mukanaona nkhope ya mkamwini wanu! Munthu amene akakuonani mukubwera m'njira ankapatukira m'tchire, mpaka tsiku lija anadziponya m'chitedze n'kukanda sabata yonse. Munthu amene ankakupatsani moni atabisala kuseri kwa nkhokwe, amene chikwatireni ine phazi lawo silinapondepo pakhomo panu. Lero boma lawalemba m'buku kuti ndinu akazi awo aakulu. 

Ine ulemu unandithawa, ndinalankhula ndili chiimire. Ndinati, "Bambo, eni nyumbayo ndi amayi anga ondibala, ndipo anatisiya chaka chatha. Manda awo si patali, tiyeni mukaone."

Iye osandiyang'ana n'komwe anati, "Mayi, ine sindiwerenga manda, ndimawerenga utsi. Wakufa saotha moto. Mudzi uliwonse umene ndafika, nyumba yachiwiri imakhala ya malemu."

Atsibweni anayesa kuchitira umboni, koma iye anali atatseka kale buku. Pochoka anati akupita ku Lobi, ndipo pobwerera adzadutsanso. Akadzapeza denga lili pomwepo, nyumbayo ikhala m'buku chaka chino ndi zaka zonse.

Mudzi wonse unafa ndi phwete. Amuna anzawo kubwalo amvekere, "A Mbewe, kodi lero mugona kwa aakulu kapena kwa aang'ono?" Ngakhale ine ndinaseka nawo, kufikira pamene ndinakafukula kamphika ka boma. Munali ndalama ya nyumba imodzi, monga ndinakonzera, ya nyumba yachiwiri munalibe. Mbuzi yanu ikanatiombola chaka chino, nanga chamawa, nanga chinacho? Ndipo mukudziwa zimene amachita ndi wolephera kukhoma. Amatenga mkazi wake kukamusunga kuboma mpaka mwamuna apeze ndalama, ndipo ine Tsalani ali kubere.

Mkamwini wanu sanandikalipire, ngakhale aliyense ankadziwa kuti makani a nyumbayi anali anga. Mwina akanandikalipira zikanandipepukira. Anangoti, "Anachisale, nyumba ya amayi isagwe chifukwa cha pakamwa panga. Ndipita ku Kabula kuminda ya azungu. Akuti ukagwira mwezi wathunthu amakupatsa kalata, msonkho n'kukhoma theka lokha. Ndikabwera mvula isanagwe."

Mvula isanagwe! Amayi, amenewa ndi mawu omwe aja anatiuza a Zuze ataima pansi pa msuku wa kunjira, mphasa ili paphewa. Ndinawazindikira mawuwo, anandibaya, koma ndinayang'ana utsi wa padenga panu ndipo ndinavomera. Ndinasinja ufa wa kamba, ndinasoka thumba, ndikudziuza kuti ku Kabula si ku Halale, ambiri amabwerako. Ambiri amabweradi, koma si onse, ndipo inu ndi ine tikudziwa kuti wosabwerayo amachoka pakhomo pa wina.

Tsiku loti anyamuka mawa lake, masana, ndinalowa m'nyumba mwanu kukafuna phale lokazingira chimanga cha paulendo. Dzanja langa linagwera paphale lanu lakuda lija lobenthuka m'mphepete, limene munkatiletsa kuligwiritsa ntchito. Mukukumbukira nkhani yake, poti munkaisimba chaka ndi chaka chisanu chikayamba. Munkati nthawi ya nkhondo, pamene mudzi wonse unathawira m'phiri, munasiya nyumba, nkhokwe ndi mbuzi, n'kunyamula zinthu ziwiri zokha: a Zuze kumbuyo, ndi makala amoto m'phale limeneli. Munkati anzanu anakusekani kuti bwanji osanyamula chimanga, koma kutada, m'mapanga monse anthu anabwera kudzapala moto kwa inu.

Ndinakhala pansi phalelo lili m'manja. Inu amene munasiya nyumba yathunthu osacheuka kuti mwana ndi moto zipulumuke, mukanati chiyani kundiona ndikutumiza bambo wa Tsalani kunjira imene inameza mwana wanu, chifukwa cha udzu ndi dothi? Ndinakumvani bwinobwino, ndi liwu lanu lija la mbuzi zikalowa m'dimba. Ndinalira, Amayi, kuposa tsiku la maliro anu, chifukwa tsiku lija ndinkadziwa kuti nyumba ilipo. Nditapukuta misozi ndinapita kwa atsibweni kukawauza kuti aitane amuna.

Anabwera m'mawa mwake. Poyamba panafunika kutulutsa katundu, ndipo mtsuko wanu waukulu wofululira mowa sindikanautha ndekha. A Mbewe anafika pakhomo n'kuima. Kenaka anagwada, anaomba m'manja, n'kunena kuti, "Odi, apongozi. Ndine mkamwini wanu. Mundikhululukire, ndikulowa." Anadikira pang'ono ngati kuti muyankha. Amuna aja ankawaseka kubwalo anali pomwepo, koma palibe amene anatsokomola n'komwe. Atatuluka ndi mtsukowo maso ali psuu, anati ndi utsi.

Ine ndinalowa pomaliza. Ndinavundukula phulusa, ndinapala makala anu onse m'phale lija, n'kudutsa nawo pabwalo nditatchinga ndi dzanja kuti mphepo isawazimitse. M'nyumba mwathu ndinali nditathira kale madzi pamoto wanga. Ndinakhuthula makala anu pakati pa mafuwa, ndinaikapo tinkhuni, ndinauzira, ndipo unayaka msanga ngati ukupadziwa pamalopo.

Kenaka amuna anadula luzi, anazungulira denga, atsibweni akuitanira ndi ndodo yawo, n'kulinyamula lathunthu. Paja mutu umodzi susenza denga. Dzuwa litalowa mkati ndinadabwa kuchepa kwake kwa nyumbayo. Moyo wanu wonse, ndi ife tonse, ndi nthano zonse zija, tinkakwana m'kamalo kamene kaja. Khoma analigwetsa ndi makasu. Pamene panali zala zanu ndinapempha kuti andisemere ndi nkhwangwa ya bambo. Dothi linasweka, koma zala zitatu zatsala, ndipo ndazisunga m'dengu pamodzi ndi mikanda yanu. Ufa wa kamba uja tinaphikira amuna amene anatithandiza, ndipo thumba ndasungiramo mbewu.

Kalaliki anadutsa dzana. Anakweranso pachulu chake, anawerenga, anatsika n'kufufuta m'buku muja. Kenaka anayang'ana a Mbewe, kamwemwe kali kumlomo, n'kufunsa kuti, "Bwanji bambo, mwawasudzula aakulu aja?"

Mkamwini wanu, amene nthabwala sazidziwa, anayankha mwaulemu wake wonse kuti, "Iyayi bwana, asamukira kwathu."

Takhoma ya nyumba imodzi, chitupa chili m'kansungwi, ndipo bambo wa Tsalani pamene ndikulemba pano ali panja akukonza khola pamalo pamene fisi anaboola. Ndikumva kugogoda kwawo, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinadziwe kuti phokoso la nkhwangwa lingakome chotere. Kwa amayi anzanga a kumsewu ndawonjezera phunziro limodzi pa anu aja, lakuti asanasunge denga azifunsa kaye amene adzalilipirire, ndiponso kuti mwamuna wamanyazi asamayankhe yekha mafunso a boma.

Ndiye musakhumudwe, Amayi, mukabwera kudzationa n'kupeza pamalo panu pali poyera. Musabwerere. Mulunjike khomo loyandikana nalo, pamene pakulira mwana wachipumi chanu, ndipo simufunika kuodira. Mkamwini wanu akuti adzazolowera kukhala nanu nyumba imodzi, ngakhale ndaona kuti masiku ano akamaotha moto amakhala chammbali. Pabwinja panu ndidzabzala maungu mvula ikagwa, paja munkati maungu okoma ndi a pabwinja. Komabe ndisakunamizeni, ndikamachokera kumadzi maso anga amathamangirabe pamene panali denga lanu, ndipo akapeza thambo lokha mtima umachita kuti zii. Ndakusowani kwambiri.

Kalatayi sindiipereka kwa amtengatenga, poti njira ya kwanu saidziwa. Ndiiponya pamoto wanu womwewu kuti utsi ukufikitsireni. Umenewo kalaliki auwerenge ngati afuna, ukutuluka padenga lokhoma kale.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Moto wanu sudzazima ine ndili moyo. Tsalani akadzakula n'kumanga yake, ndidzamupalira m'phale lomweli. Ndipo a Zuze akadzatulukira kumsuku kuja, kaya ndi imvi kaya ndi ndodo, nyumba ya mayi wawo sadzaipeza, koma adzaotha moto umene anausiya.

Tsalani bwino kumeneko, monga munatitsazikira ife kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale